Kadambo ka Pansi pa Thanki: Kukonza Refugium ya Makorali Muno mu Zomba

Amene munafikako ku Kachulu m'mamawa mukudziwa kuti nyanja ya Chilwa simayambira pamene bwato layandama. Imayambira m'dambo la njedza, momwe matemba ndi tiana ta makumba timabisala, momwenso madzi a Likangala amayamba asefedwa asanafike pakati. Chilwa ilibe mtsinje wotuluka. Cholowamo chimakhala momwemo, dzuwa limangotola madzi okha, n'chifukwa chake nyanjayi ikaphwera madzi ake amamveka kamchere.

Thanki ya makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati maluwa kapena miyala, ndi Chilwa yaing'ono. Tsiku ndi tsiku mumathiramo chakudya, nsomba zimadya n'kudzithandiza momwemo, kotulukira kulibe. Mabakiteriya amasandutsa zotsalirazo kukhala naitireti ndi fosifeti. Mlimi aliyense amazidziwa ziwirizi ngakhale sazitchula mayina: ndi abale a zomwe zili m'thumba la feteleza wa 23:21 uja, nambala yoyamba ya naitirojeni, yachiwiri ya fosifeti. Kumunda ndi chuma. M'thanki zikachuluka, ndere zaubweya zimakuta miyala, makorali amasanduka odera, ena amangoima osakula.

Refugium ndi kadambo kamene mumakapangira thanki yanu. Mawuwa ndi a Chilatini, amatanthauza pothawira. Ndi chipinda cha madzi cholumikizana ndi thanki yaikulu, koma nsomba sizifikako. Mmenemo mumalima dala ndere zimene mwasankha kuti zidye feteleza uja zisanamudye ndere zapamiyala, ndipo tizilombo tating'onoting'ono ta m'nyanja, makamaka ma copepod ndi ma amphipod, timaswana mosatekeseka. Njira yoyeretsa madzi a makorali ndi ndere si yachilendo. Walter Adey wa ku Smithsonian, mumzinda wa Washington, ankaigwiritsa kale ntchito m'zaka za m'ma 1980.

Ndiyambiretu kunena chimene ambiri amachiiwala: ndere sizichotsa kanthu m'thanki. Zimangosunga. Naitireti ndi fosifeti zimatuluka tsiku limene dzanja lanu latulutsa nderezo kunja. Amene sakonda kupalira asayambe dimba ili.

Zonse zili m'munsimu ndaziwerengera pa thanki ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 msinkhu, ya malita 300, yokhala ndi sump (kathanki kachiwiri kosefera madzi) m'kabati yapansi. Yanu ikakhala ina, sinthani manambala, njira ndi yomweyi.

Choyamba, werengerani tsiku lothima magetsi

Anzathu akunja akamafotokoza za refugium amayambira pa nyale. Ife kuno tiyambire pa mdima.

Pampu yokweza madzi kuchokera mu sump ikaima, madzi a m'thanki yaikulu sasiya kutsika nthawi yomweyo. Amatsika mpaka afike pamlomo wa overflow, potsikira madzi kupita mu sump, ndipo paipi yobweza madzi ija imatembenuka n'kuyamba kukoka ngati mmene timapopera petulo ndi kapaipi. Imakoka mpaka kukamwa kwake kutapuma mpweya. Madzi onsewo amathera mu sump.

Ine ndinaphunzira izi ndi kolopa m'manja. Kukamwa kwa paipi yanga kunali masentimita 15 pansi pa madzi, kopanda kabowo kalikonse. Usiku wina nyumba inangoti zii, ine n'kutembenuka n'kupitiriza tulo. Anandidzutsa ndi mayi akunyumba, tochi ya foni ili m'manja: "Abambo, tadzukani, nyanja yanu ija yafika kukhitchini." Tawerengani nokha: 120 kuchulukitsa ndi 50 kuchulukitsa ndi 15, ndi malita 90. Thumba la ufa linali pansi. Sabata imeneyo tinadya nsima ya ufa wogula, ndipo nkhani ya nsomba sinkayambika pakhomo.

Choncho boolani timabowo tiwiri ta mamilimita 3 kapena 4 pa paipi yobweza madzi, sentimita imodzi pansi pa madzi a m'thanki. Madzi akangotsika pang'ono, mpweya umalowa, kukoka kumatha. Tiwiri chifukwa kamodzi nkhono ikhoza kukhalapo tsiku lomwelo. Muzititokosa ndi kamtengo ka machesi sabata iliyonse. Vavu yoletsa madzi kubwerera musaidalire, kamchenga kamodzi kokha kamailepheretsa kutseka.

Ndi timabowoto, thanki imatsika masentimita atatu, amene ndi malita 18, kuphatikiza a m'mapaipi tinene 20. Sump ya masentimita 90 ndi 40 ndi 40 malita 20 amaikweza ndi masentimita pafupifupi 6. Mukamayendetsa madzi pa msinkhu wa masentimita 25, m'mwamba mumatsala 15. Malo amenewo si otayika, ndi a usiku wothima magetsi. Musawadzaze chifukwa chofuna refugium yaikulu.

Kugawa zipinda

Sump igaweni patatu. Chipinda choyamba, masentimita 25, ndi chogwera madzi ochokera kumwamba. Muli skimmer (makina ochotsa litsiro m'madzi ndi thovu), hita ndi kathumba kosefera. Chapakati, masentimita 40, ndiye refugium. Chomaliza, masentimita 20, ndi cha pampu yobweza. Otsalawo amathera m'mipata ya magalasi.

Refugium yotere imasunga malita pafupifupi 37, gawo limodzi mwa magawo 8 a thanki yaikulu. Osunga makorali ambiri amalimbikitsa kuti isachepere gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo ikakula ndi bwino koposa. Ngati m'kabati mulibe malo, beseni lapulasitiki lolimba, losungira zakudya, loikidwa pambali n'kulumikizidwa ndi paipi limagwira ntchito yomweyo. Maonekedwe alibe kanthu, palibe mlendo amasuzumira m'kabati.

Zotchingira zikhale za galasi la mamilimita 6. Yezani m'kati mwa sump, osati kunja, ndipo chotsani mamilimita 4 kuti galasi lilowe mosakakamiza, silikoni apeze pokhala. Wodula magalasi muuzeni apale m'mphepete. Bambo amene anandidulira ine anagwira kagalasi kamodzi n'kukatembenuza kawiri. "Bwana, windo lake ndi la nyumba ya nkhunda kapena?" Nditawafotokozera anangopukusa mutu, koma anadula molondola kuposa mmene ndinayezera ine.

Galasi loyamba limate pansi, msinkhu masentimita 25. Limeneli ndi limene limasunga madzi a chipinda choyamba pamalo amodzi, ndipo skimmer imafuna zimenezo. Pakati pa refugium ndi chipinda cha pampu ikani magalasi atatu motalikirana masentimita awiri ndi theka: loyamba lomatidwa pansi la masentimita 24, lapakati lokwezedwa masentimita atatu kuti madzi adutse kunsi, lachitatu lomatidwanso pansi koma lofupikirapo. Madzi akamakwera, kutsika, n'kukweranso, thovu limatsalira, pampu siitumiza utsi wa timathovu kwa makorali. Pamwamba pa galasi la 24 lija mangiriranipo kasefa kapulasitiki ka mabowo akuluakulu kuti tizingwe ta ndere tisakakole pampu.

Silikoni ndiye pofunika maso. Wambiri wa m'mahadiweya ndi wa kubafa ndi kukhitchini, ndipo amaikamo mankhwala oletsa nkhungu. Mankhwala amenewo ndi poizoni m'thanki. Werengani pachubu, mufuna wolembedwa kuti ndi wa ma aquarium, kapena silikoni weniweni wopanda chowonjezera. Wabwino amanunkha ngati viniga akamauma. Pukutani magalasi ndi spiriti, matani, chirikizani ndi mabuku kapena timatabwa, dikirani masiku osachepera awiri, ndipo ngati fungo la viniga lidakalipo dikiranibe. Kenako tulutsani sump pakhonde, dzazani madzi apampopi, igone usiku umodzi pamwamba pa nyuzipepala. Nyuzipepala siinama.

Mapaipi onse akhale a PVC. Chilichonse cha kopa kapena bulasi, kaya ndi vavu kaya kolumikizira, chisakhudze madzi. Kopa amapha makorali, nkhono ndi tizilombo tonse timene mukufuna kuweta.

Pansi pake muikepo chiyani

Apa pali magulu awiri, ndipo ine ndili ndi mbali.

Ena amathira mchenga wa aragonite, wa laimu wa m'nyanja, wakuya masentimita 10 mpaka 15. M'munsi mwa mchenga wotero mulibe okosijeni, ndipo mabakiteriya a kumeneko amasandutsa naitireti kukhala mpweya wa naitirojeni umene umangouluka. Nzeru yake ndi yabwino. Koma mchenga wakuya umafuna madzi oyenda pamwamba pake usana ndi usiku. Akaima maola ambiri, zamoyo za m'mchengamo zimayamba kufa, ndipo mukadzauvundula mudzamva fungo la dzira lovunda. Mpweya umenewo, hydrogen sulphide, ukakwera kuthanki yaikulu umapha nsomba. Kwa munthu amene sadziwa kuti magetsi abwera liti, ndi ngongole yosafunika.

Ine ndimasiya pansi pali galasi lokha, n'kuunjika pakona zidutswa za miyala ya m'nyanja, zazikulu ngati mazira, zodzaza manja awiri kapena atatu. Timabowo ta miyalayi ndi nyumba za ma copepod. Zinyalala zikadikha pagalasi zimaoneka, ndipo kuzipopa ndi paipi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mukakonda mchenga, usapitirire masentimita awiri. Wapakatikati, wa masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi woipitsitsa: wosakwanira kudya naitireti, koma wokwanira kusunga litsiro.

Mchenga wa mu Likangala ndi miyala ya m'phiri lathuli zisiyeni kwa omanga nyumba. Sizithandiza kusunga pH, muyeso wa asidi m'madzi, ngati aragonite, ndipo simudziwa zitsulo ndi dothi zimene zabwera nazo.

Nyale

Ndere zimakula ndi kuwala kofiira ndi kobiriwira ngati mtambo, kwa pafupi ndi 660 nm ndi 450 nm, n'chifukwa chake nyale zolimira mbewu m'nyumba zimawala mofiirira. Mukaipeza yotero, ya mawati 20 mpaka 30, mwapata. Mukapanda kuipeza, nyale ya LED yapanja ija timaika pakona ya nyumba, yoyera ya 5000 mpaka 6500 K, yosalowa madzi, imameretsa chaeto bwinobwino. Ipachikeni masentimita 20 pamwamba pa madzi. Zipinda zam'mbali zitchingeni ndi pulasitiki yakuda, apo ayi ndere zidzamera mu skimmer ndi pa pampu.

Nyaleyi iziyaka usiku, pamene ya thanki yaikulu yathima. Chifukwa chake ndi ichi. Masana makorali ndi ndere zimamwa carbon dioxide, pH imakwera kufika 8.2 kapena 8.3. Usiku zonse zimapuma n'kumatulutsa mpweya womwewo, pH imatsika, mbandakucha ikhoza kufika 7.9 kapena kutsikirapo. Refugium ikamawala usiku imamwa mpweyawo ndi kutulutsa okosijeni pa nthawi imene nsomba zikumufuna kwambiri. Kusinthasintha kumachepa, ndipo makorali olimba amamanga mafupa awo bwino.

Pankhani yomweyi, mu June ndi July chiperoni chikatsika m'phiri timatseka mawindo onse, ena n'kulowetsa mbaula. Utsi wa makala m'nyumba yotseka ndi woopsa kwa anthu omwe, ndipo thanki imamwa carbon dioxide yenseyo, pH n'kugwa. Mbaula ikhale panja.

Taima yoyatsa ndi kuthimitsa nyale pa nthawi yake gulani ya digito yokhala ndi kabatire m'kati. Yozungulira ija imaima magetsi akathima, n'kudzayambira pomwe inasiyira. Pakatha sabata imakhala ikuyatsa nyale masana. Za mayunitsi musade nkhawa: mawati 25 kwa maola 12 ndi mayunitsi 9 pamwezi.

Mapulagi onse akhale m'mwamba, kunja kwa chipinda cha sump ngati n'kotheka, ndipo chingwe chilichonse chiyambe chatsika pansi chisanakwere ku soketi kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi. Chinyezi cha mchere chimadya zitsulo mwakachetechete.

Kuthira madzi ndi kuyesa

Madzi a ku Mulunguzi ndi okoma kumwa, koma a pampopi aliwonse amakhala ndi klorini, ndi tina tosungunuka timene munthu satimva koma makorali amatimva. A pamjigo ndiye ali ndi zambiri. A mvula ochokera padenga la malata amatenga zinki. Njira ndi imodzi: sefa ya RO/DI, yochotsa zosungunuka m'madzi, ndipo kamita ka TDS, koyeza zosungunukazo, kazionetsa 0.

Mchere ndi wa ma aquarium a m'nyanja, umene uli ndi calcium, magnesium ndi zina zonse. Wakukhitchini ayi, ngakhale wamiyala wa pamsika. Pa lita imodzi pamalowa magalamu pafupifupi 36 mpaka 38, koma chomaliza ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi: 1.025 kapena 1.026, kapena kuti 35 ppt. Sungunulani m'chigubu choyera ndi kapampu usiku wonse, muwatenthetse afanane ndi a m'thanki, pakati pa madigiri 24 ndi 26, kenako thirani mu sump.

Yatsani pampu. Ya malita 1,500 mpaka 2,000 pa ola ikwanira thanki yotere. Madzi akakhazikika, thimitsani dala pa soketi, khalani pansi muyang'ane. Onani pamene madzi a mu sump aimira, lembanipo mzere. Yatsaninso, onani ngati overflow yayamba yokha popanda kuithandiza. Bwerezani katatu. Kenako, pampu ikuyenda, lembani mzere wina pa chipinda cha pampu. Umenewo ndiye malire othirira madzi masiku onse.

Chipinda chimenechi n'chimene chimaphwera. Malita awiri akauluka, chimatsika masentimita awiri ndi theka. Mu October, kotentha, ndi fani ikuwomba pa sump kuti madzi azizire, chimatsika msanga koposa. Muzibwezera madzi a RO opanda mchere. Kumbukirani Chilwa: chouluka ndi madzi, mchere umatsala.

Ndere zake

Musafulumire kugula ndere thanki ikadali yatsopano. Popanda chakudya zimayera n'kusungunuka. Yezani kaye, naitireti akayamba kuoneka, tinene kuyambira 5 ppm (mamiligalamu 5 pa lita), ndi fosifeti naye akuoneka, nthawi yakwana.

Sankhani Chaetomorpha, imene aliyense amangoti chaeto. Imaoneka ngati waya wotsukira mapoto koma wobiriwira, yokhakhala m'manja, ilibe mizu, siimata pamiyala. Imapirira ulendo: yonyowa chabe m'kathumba kotseka, yosatenthedwa ndi dzuwa, imatha masiku angapo. Izi n'zofunika kwa ife amene nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique ndipo katundu wambiri wa ntchitoyi amachokera ku South Africa. Kampira kokwana m'manja awiri n'kokwanira kuyambira. Njira yapafupi ndi kupempha kwa mnzanu amene ali nayo kale, chifukwa aliyense amene refugium yake ikuyenda bwino amataya chaeto mwezi uliwonse. Mukafuna kulowetsa zamoyo kuchokera kunja, yambani mwafunsa ku dipatimenti yoona za nsomba za chilolezo, ndipo dziwani kuti makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, sadutsa malire popanda mapepala.

Wina akakupatsani Caulerpa, ija yokongola ngati nthenga kapena timphesa, thokozani koma ganizani kawiri. Imakula msanga, inde. Koma ikapanikizika imatha kuyera usiku umodzi n'kutulutsa zonse za m'kati mwake m'madzi, thanki n'kuchita mbuu, okosijeni n'kutha. Tsono taganizani zitachitika usiku wopanda magetsi. Imayalanso mizu pamiyala, ikafika kuthanki yaikulu kuichotsa ndi nkhondo. Mtundu wake wina, Caulerpa taxifolia, unapezeka m'nyanja ya Mediterranean kufupi ndi Monaco mu 1984, n'kufalikira m'magombe a mayiko angapo. Gracilaria yofiira ndi Ulva ndi zabwino ngati muli ndi nsomba za mtundu wa tang, chifukwa zimadya zimenezi mokonda kuposa chaeto, koma Gracilaria imafuna madzi oigubuduza nthawi zonse.

Chaeto ikafika, musaiponye mu sump mwachimvulumvulu. Ikani m'beseni loyera la madzi a m'thanki, imasuleni ndi zala pansi pa tochi. Mukufunafuna aiptasia, timaluwa tofiirira toonekera m'kati timene timafinyika mukatikhudza. Timeneti timaluma makorali ndipo timaswana ngati nsikidzi. Mukufunanso tinyongolotsi tafulati tofiira ndi tizidutswa ta ndere zina. Pamene pali chokayikitsa dulani mutaye. Tsukuluzani kawiri m'madzi amchere, kenako ikani.

Sabata yoyamba nyale iziyaka maola 6 mpaka 8. Chaeto yochokera mumdima wa paulendo ikalandira kuwala kwamphamvu mwadzidzidzi imapsa pamwamba. Muziwonjezera ola limodzi pakapita masiku atatu mpaka mufike maola 12. Masiku awiri kapena atatu alionse tembenuzani mpirawo kuti wapansi nawo uone kuwala, ndipo muuphwanyule pang'ono madzi azidutsa m'kati. Masabata awiri oyamba ikhoza kungokhala duu, osasintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tizilombo tija, ndi zimene zimatipha

Nthawi zambiri ma copepod amabwera okha ndi chaeto ndi miyala. Mukagula a m'botolo, monga a mtundu wa Tisbe amene amakonda kukwawa pansi, athireni usiku mu refugium, skimmer ndi pampu zili zothimitsa kwa theka la ola. Pakatha mwezi, pitani ndi tochi pakati pa usiku muunike galasi. Mudzaona timadontho toyera ngati ufa tikudumphadumpha, ndi tina tokhota ngati kachikwakwa tikuthawira m'miyala. Ambiri amadutsa mu pampu ali moyo n'kukakhala ndiwo kumwamba. N'chifukwa chake kathumba kosefera kamakhala m'chipinda choyamba. Mukakaika pambuyo pa refugium mwatchera ziweto zanu zomwe.

Nsomba ya mandarin, yokongola ngati chitenje chatsopano, imadya tizilombo timeneti tsiku lonse ndipo zambiri zimakana chakudya cha m'paketi. Musaigule refugium isanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Tsopano chimene mabuku akunja sangakuuzeni. Mukafuna kansalu kosefera kapena kotchingira, musadule neti ya udzudzu. Maneti amene timagonamo ananyikidwa m'mankhwala a gulu la pyrethroid, ndipo mankhwalawa amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi ngakhale atachepa chotani. Chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ndi koyilo yofukiza. Skimmer imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuusakaniza ndi madzi. Uzani onse a pakhomo, ndi wothandiza ntchito yemwe, kuti chipinda cha thanki sichipoperedwa. Mukapaka mafuta othamangitsa udzudzu, kapena mwagwira mankhwala a chimanga chosunga, dzanja limenelo lisalowe m'madzi.

Nsomba, nkhanu ndi shirimpi musaziike mu refugium. Pothawira sipakhala fisi.

Magetsi akathima nthawi yaitali

Nyale ya refugium ndi yomaliza kuiganizira. Chaeto imapirira mdima masiku angapo. Batire lanu lipite kaye ku kapampu kovundula madzi m'thanki yaikulu, chifukwa chopha nsomba msanga ndi kusowa okosijeni. Koma musaiwale pansi. Mumdima chaeto nayo imapuma, ndipo mpira waukulu m'madzi oima umamaliza okosijeni wa m'chipinda chake. Kapampu ka mpweya ka mabatire, kapena ka USB kolumikiza ku power bank, kokhala ndi mwala wa thovu mu refugium, kamathetsa vutoli. Ngati muli ndi sola ndi inveta yokwanira kuyendetsa pampu yobweza, ndiye bwino koposa. Hita imadya batire msanga. M'nyengo yozizira kutani thanki ndi bulangete m'malo mwake.

Magetsi akabwera patapita maola ambiri ndipo sump inali chiimire, inunkhizeni musanayatse pampu. Ikamveka dzira lovunda, madzi amenewo atayeni, muthire atsopano.

Kukolola

Apa ndi pamene refugium imalipira. Chaeto ikadzaza magawo awiri mwa atatu a chipinda, nthawi zambiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ikakhazikika, tulutsani gawo limodzi mwa atatu, ngakhale theka. Mukaisiya ithithikane, yapansi imasowa kuwala, imafa, n'kubweza m'madzi feteleza yense imene inadya. Musanaitulutse igwedezeni m'madzi a refugium momwemo kuti tizilombo tigwe. Tayani yotuwa ndi yofewa, siyani yobiriwira kwambiri, yokhakhala. Kamodzi pamwezi popani zinyalala zapansi.

Yezani naitireti ndi fosifeti tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, muzilemba m'kope. Makorali ambiri amasangalala naitireti akakhala pakati pa 2 ndi 10 ppm, fosifeti pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Musalimbane kuti zifike pa 0. Makorali nawo amadya zomwezo pang'ono, ndipo ziwirizi zikatheratu m'madzi makoraliwo amayera, kenako pamchenga pamabwera utoto wodera woterera wa ma dinoflagellate, umene kuuthetsa kumatenga miyezi. Manambala akamatsikira ku 0, chepetsani maola a nyale kufika 8 kapena 6, kapena onjezerani chakudya cha nsomba. Taima ija ndiye chiwongolero chanu.

Chaeto ikayamba kutuwa ndi kuthothoka, funsani mafunso motsatana. Chakudya chilipo m'madzi? Ngati mukugwiritsanso ntchito mankhwala ochotsa fosifeti monga GFO, mwina akuilanda, achepetseni. Madzi akudutsa m'kati mwake, kapena akungoyenda pamwamba? Nyale siili pafupi kwambiri? Zonsezi zikakhala bwino, kawirikawiri chosowa ndi ayironi, amene ndere zimamumaliza msanga m'madzi amchere. Gulani wa m'botolo wopangira ma aquarium, yambani ndi theka la mlingo wolembedwa. Za kuponyamo msomali wadzimbiri, zimene munthu wina anandilangiza ndi mtima wonse, zisiyeni. Simudziwa zitsulo zina zimene zili mumsomalimo. Utoto wofiira woterera ukakuta chaeto, ndi cyanobacteria, ndipo ukukuuzani kuti madzi akuyenda mwaulesi kapena pansi pachuluka litsiro. Tsukuluzani mpirawo m'beseni la madzi a m'thanki, popani pansi, ikani kapampu kakang'ono kowomba m'mbali.

Refugium siilowa m'malo mwa kusintha madzi. Gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata imodzi kapena ziwiri lizisinthidwabe, ndipo calcium ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kugwa) muziziyezabe monga kale, pafupi ndi 420 ppm ndi 8 dKH.

Zokololazo musazitaye mu ngalande kapena mumtsinje. Mupatseko mnzanu amene akuyamba kumene. Zotsala zitsukeni m'ndowa ya madzi apampopi kawiri kuti mchere uchoke, ziyanikeni padzuwa mpaka zichite khwakhwalala, muzikwirire m'dzenje la manyowa. Zanga zimathera pa bedi la mpiru kuseri kwa khitchini, ndipo madzi otsukirawo ndimawathira pa msewu wa fumbi, kutali ndi mbewu.